Woyendetsa Galimoto Yofiira

"Tseka chitsekocho, mayi ake Dokotala! Ukufuna aliyense wodutsa asuzumire muno?"

Mayi sanatseke. Anangoima pakhomo pa galaja, kapu ya tiyi ili m'manja, maso ali pa galimoto. Dzulo m'mawa inkanyezimira ngati phwetekere wakupsa. Lero boneti yake inali italowa m'kati, pamene panali nyali yakumanzere patatsala chibowo, ndipo m'galaja monse munkamveka kafungo ka mkaka wosasa, ngakhale amuna awo, a Injiniya, anali atakhula ndi sopo mpaka manja kutuwa.

"Kodi sukumva? Ndati tseka!"

"Ndamva. Ndikatseka, munthu uja achira?"

A Injiniya anaponya nyundo pa tebulo la zipangizo n'kudzakoka chitsekocho okha. M'galaja munada, kupatula kuwala kolowera pa kazenera kam'mwamba.

"Munthu ali m'chipatala, akumusamalira odziwa ntchito yawo. Iwe ukufuna chiyani? Ukufuna mwana wako akagone m'chitokosi?"

"Ndikufuna ndikamuzonde. Zaka zonsezi wakhala akutibweretsera mkaka pageti pathu pomwepa. Tikapanda kupita ndiye anthu adzadabwa."

"Upite ndi nkhope imeneyo? Ngakhale mwana akhoza kuwerenga zimene zalembedwapo. Khazika mtima pansi. Nkhani iyi ndi ya amuna."

"Ya amuna! Anamva zowawa pobereka mwanayo ndi mwamuna?"

Galimotoyo inali yakalekale, ya mipando iwiri yokha, yaifupi ngati ikukwawa, denga lake la chinsalu chopinda. A Injiniya anaigula ili chiphakasa, nkhuku zikuikiramo mazira, chaka chimene anapuma pa ntchito yawo ya misewu. Dzimbiri anapala ndi manja awo, injini anaimasula kachitsulo ndi kachitsulo n'kuimanganso, mipando anaisoketsa chikopa chatsopano. Mayi ankaitchula kuti mkazi wamng'ono, ndipo a Injiniya ankangoseka osakana. Koma dzulo masana, iwo ali kumsonkhano wa anzawo opuma pa ntchito, mwana wawo mmodzi yekhayo anatenga kiyi pa msomali. Sukulu ya udokotala anali asanamalize, kunali kutatsala miyezi yochepa, koma pakhomopo aliyense ankamutchula kale kuti Dokotala. Pa khona la kumlatho anakumana ndi njinga ya Wamkaka. Sanaime.

"Ndiye nyundoyo ndi ya chiyani?" anafunsa Mayi.

"Ndikuwongola boneti. Ndikamata phala la fila m'malo opindika, n'kupala, n'kuthira penti, palibe adzadziwe kanthu. Wofunsa ndidzamuuza kuti galimoto yatha mwezi isanatuluke pageti."

"Nanga nyali?"

A Injiniya anayang'ana kumbali. Nyali za mtundu umenewo zinasiya kalekale kupangidwa. Ziwiri zimenezo anazipeza atazungulira malo onse ogulitsa zitsulo zakale, ndipo tsopano imodzi inali itamwazika pamsewu.

"Mlandu suola, bambo ake."

"Suola, inde, koma umaiwalika. Siya tiyiyo apo uzipita. Kamuone mwana, kuyambira dzulo sanalawe kanthu."

Mayi anamupeza Dokotala atakhala pansi pa simenti, atatsamira bedi, mabuku ake akuluakulu ali mbwee. Anamuikira mbale pambali, iye osaiyang'ana n'komwe.

"Mayi, ndinamuona pa galasi. Amayesa kudzuka. Mwendo wake unali utapindikira kumene mwendo supindikira. Ndikudziwa zimene ndikanachita, tinaphunzira zonsezo. Kumanga bala, kumugoneka bwino, osamugwedeza khosi. Koma phazi langa linangoponda moto lokha."

"Khala chete, makoma ali ndi makutu."

"Ndipite kupolisi, Mayi?"

Mayi anamuyang'ana. Anayang'ananso chovala choyera chimene chinali kulendewera kuseri kwa chitseko, chimene iwo eni anachisita ndi chimwemwe tsiku loyamba. Mawu onse olimba amene analankhula m'galaja aja anawathawa pakamwa.

"Idya kaye, mwanangu. Bambo ako akudziwa chochita."

Potuluka anachita manyazi ndi mtima wawo womwe. Akuluakulu sananame: khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Masiku otsatira pakhomopo panangomveka ntchito. M'mawa nyundo, masana sandipepa, kenaka makina othirira penti akulira kuseri kwa chitseko chotseka. A Injiniya ankatuluka ali mbuu ndi fumbi, tsitsi litayera, n'kudya ali chiimire. Dokotala sankatuluka n'komwe. Ofunsa ankauzidwa kuti akuwerenga za mayeso.

Tsiku lina m'mawa pageti panagogoda munthu. Anali mkazi wa Wamkaka, wapansi, chigubu pamutu, mwana kumbuyo.

"Pepani mayi, ndakuchedwetsani tiyi. Njinga ija inathera pomwepo. Koma makasitomala ndikawasiya atengedwa ndi ena, ndiye ndangoti bola ndiziyenda."

"Ali bwanji bambo kuchipatalako?"

"Mwendo aumanga. Koma akuti vuto lili m'mimba, magazi amatayikira m'kati. Adokotala akuti akanafika naye msanga bwenzi zili bwino. Anagona pamsewu nthawi yaitali, mayi, anthu akungoonerera, mpaka anawatola ndi wa lole ya mchenga."

"Nanga amene anachita zimenezi, wapezeka?"

"Ana amene amasewera pamlatho akuti inali galimoto yofiira, yopanda denga. Ena ayamba kuloza kuno." Mkaziyo anapukusa mutu uku akuthira mkaka m'jagi. "Ine ndawakalipira. Ndati a Injiniya ndi anthu aulemu wawo, ndiponso pakhomo pawo pali dokotala. Dokotala angasiye munthu pamsewu?"

Jagi inapendekeka m'manja mwa Mayi, mkaka n'kuwatayikira kumapazi.

"Mayi, simukupeza bwino?"

"Ndi kuthamanga kwa magazi, mwanangu. Ukawapatse moni bambowo."

Sabata yachiwiri kunabwera wapolisi, munthu wachikulire, wolankhula mofatsa ngati wabwera kudzapempha madzi akumwa. A Injiniya anamutsegulira galaja akumwetulira. Mayi anaima chapatali akunamizira kuanula zovala. Wapolisiyo anazungulira galimoto, nasisita boneti ndi chala, kenaka ananunkhiza chalacho.

"Penti yabwino iyi. Yatsopano?"

"Ndimaipaka kawirikawiri. Munthu wopuma pa ntchito angatani?"

"Zoona. Nanga diso ili linapita kuti?"

"Ndinaigula ilibe. Zinthu zake n'zosowa."

"Zodabwitsa," anatero wapolisi uja akukanda chibwano. "Mwezi watha munandidutsa pamsika madzulo, maso onse awiri ali ng'aa. Ndinachita kuima n'kuisirira. Kuofesi tili ndi timagalasi tina tinatola kumlatho. Ndibweranso ndi akuluakulu anga, tidzayese ngati tingakwane pabowoli. Tsalani bwino, bambo."

Geti litangotsekedwa, kumwetulira kwa a Injiniya kunazima. Anayenda uku ndi uku pabwalo, manja kumbuyo, kenaka anaima n'kuyang'ana kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kunali kanyumba kakang'ono mmene munkakhala mng'ono wawo ndi mkazi wake ndi ana. Chitsekedwere fakitale imene ankalondera, mng'onoyo analibe ntchito. Ankasesa pabwalo, kuthirira maluwa, kutumidwa kumsika. Mayi ankawatchula kuti Alamu. Mkazi wawo ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa, ndipo anthu ankangomuti Telala.

"Kandiitanire mphwanga," anatero a Injiniya. "Iwenso ukhalepo."

Alamu analowa m'chipinda chochezera atavula nsapato, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati uwaluma.

"Mphwanga, chibwerere pano, unagonapo ndi njala?"

"Ayi, achimwene."

"Ana ako anabwezedwapo kusukulu?"

"Ayi ndithu. Mulungu akudalitseni."

"Mkazi wako atadwala chaka chatha, anathamanga naye ndani?"

"Inu nomwe, achimwene."

"Chabwino. Lero ndevu zikupsa ndi zanga. Paja amati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako."

Anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Alamu anamvetsera atagwira pakamwa.

"Tsono ukanena kupolisi kuti woyendetsa unali iweyo," anapitiriza a Injiniya. "Unatenga kiyi ine kulibe, umafuna kulawako. Ine ndazindikira mochedwa, ndipo ndakuperekeza ndekha. Munthu sanafe, ndi ngozi chabe. Loya ndikupezera wabwino. Ukalowa ndi miyezi yochepa, mwinanso sukalowa n'komwe. Ana ako ndi anga. Ukatuluka, kanyumba kaja ndi kako mpaka kalekale. Koma mnyamata uyu akangolembedwa dzina kupolisi, udokotala wathera pomwepo. Dokotala ameneyu ndi wa tonse, mphwanga. Adzachiza iwe, adzachiza ana ako."

Alamu anatembenukira kwa Mayi, maso awo akupempha. Mayi anaweramitsa mutu n'kuyamba kuwongola nsalu ya patebulo imene inali yowongoka kale.

"Achimwene, sindikukana," anatero Alamu ndi mawu otsika. "Chibale ndi fupa, sichiola. Koma ine chibadwire sindinagwirepo chiwongolero. Aliyense akudziwa. Akakandifunsa kuti giya ili pati, ndikaloza chiyani?"

"Zimenezo undisiyire ine. Ndikuphunzitsa."

M'mawa mwake geti linakhomedwa ndi loko, galimoto n'kutulutsidwa pabwalo. Kuchokera pagalaja kukafika pageti panali kamsewu ka miyala kotalikirapo, kodutsa pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayi ankaonera pa zenera la kukhitchini, manja ali m'madzi otsukira mbale.

"Kilatchi pang'onopang'ono! Ndati pang'onopang'ono! Ukundiphera giya, iwe!"

Galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Inalizidwanso, inadumphanso. Alamu anali atakakamira chiwongolero ndi manja onse awiri, khosi litauma, thukuta lili kamukamu. Ana awo anaima pakhonde akuomba m'manja.

"Ababa akuyendetsa! Ababa akuyendetsa!"

"Mayi aakulu, ndilowe?"

Anali Telala, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanadikire yankho. Anadzaima pambali pa Mayi, onse awiri akuyang'ana panja.

"Chibwerere pakhomo pano, galimoto imeneyi amuna anga saloledwa ngakhale kuipukuta fumbi. Ana anga akaiyandikira amaingitsidwa ngati nkhuku. Lero akuphunzitsidwa kuyendetsa. Tandiuzani, ndi chikondi chanji chagwa ngati mvula ya m'chilimwechi?"

"Sanakuuze amuna ako?"

"Andiuza. Ndimafuna ndimve kwa inu, mzimayi mnzanga."

"Ndi miyezi yochepa chabe. Sudzasowa kanthu, ndikulonjeza."

"Sindidzasowa kanthu." Telala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ana anga akadzafunsidwa ndi anzawo kuti bambo ako ali kuti, azidzayankha kuti kwathu sitisowa kanthu? Akadzatuluka, ndani adzalembe ntchito mlonda amene anaba galimoto ya mbale wake? Akuti mnzako akapsa ndevu mzimire. Kuzimira ndamva. Koma kudula ndevu zoyakazo n'kuzimata pa chibwano cha mnzako, mwambi umenewo ine sindinaumvepo."

"Ukanakhala iwe, mwana wako mmodzi yekhayo, ukanatani?"

"Ndikanalira, Mayi aakulu. Koma ndikanalira ndi maso anga, osabwereka a mnzanga."

"Uwauze akane, tsono."

"Akane adye chiyani? Agone kuti? Inu mukudziwa kuti sangakane, n'chifukwa chake mwasankha iwowo. Ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife tili pansi, mame akutinyowetsa tsiku ndi tsiku, ndipo lero mwatiuza kuti tigonemo."

Anatuluka. Posakhalitsa makina ake anayamba kulira pakhonde, mwaukali, ngati akusoka chikopa.

Maphunziro anapitirira m'mawa uliwonse. Pang'ono ndi pang'ono galimoto inasiya kudumpha. Alamu anadziwa kuifikitsa pageti, ngakhale kubwerera chammbuyo kunkawavutabe. Akatsika, a Injiniya ankawakhazika pansi pa mtengo n'kuyamba kuwafunsa ngati mwana wa sukulu.

"Unanyamuka nthawi yanji?"

"Masana, nditadya."

"Khona unalowa ndi giya yanji?"

"Yachitatu."

"Unathawiranji?"

"Mantha, achimwene."

"Osati achimwene! Kumeneko ukati bwana. Yambiranso."

Mayi anaona kuti katani ya chipinda cha Dokotala imagwedezeka nthawi zoterezi. Anadziwa kuti akumva zonse. Mbale zinkabwerera zili zodzaza, ndipo masaya ake anayamba kulowa.

Kenaka kunacha tsiku limene mkaka sunabwere. Mayi anadikira pageti ndi jagi yawo mpaka dzuwa linakwera. Anawauza ndi mayi wina woyandikana nawo, akudutsa ndi dengu.

"Simunamve? Wamkaka uja watisiya. Mkazi wake akungodzigwetsa pansi kuchipatalako."

Kumaliro Mayi anapita, a Injiniya akuletsa. Namfedwa atawaona anawagwira dzanja n'kuwakhazika pafupi naye. "Mwabwera, mayi? Ndimadziwa kuti inu simungatitaye." Dzanjalo linali lotentha, ndipo silinawasiye mpaka mwambo unatha. Pobwerera Mayi sanalowe m'nyumba. Analunjika kugalaja, kumene anapeza amuna awo akupukuta boneti ndi kansalu kofewa.

"Munthu uja tamuika m'manda."

"Ndamva."

"Mlandu wasintha, bambo ake. Si wa miyezinso ayi."

"Loya akudziwa. Akuti munthu wodzipereka yekha amamumvera chisoni."

"Ngati pakufunika wina wosenza, bwanji osasenza inuyo? Galimoto ndi yanu, mwana ndi wanu, kuyendetsa mumadziwa kale. Sipafunikanso sukulu ya pansi pa mtengo."

A Injiniya anasiya kupukuta.

"Ine? Anzanga onse anandiona kumsonkhano. Ndiponso dzina langa ndalimanga zaka zambiri. Ukufuna ndilitaye m'ngalande?"

"Mng'ono wanuyo alibe dzina?"

"Dzina lake amalidziwa ndani?"

"Ana ake."

"Usandisokoneze, iwe! Pamene tinkapangana unali pomwepo, sunatsegule pakamwa. Umawongola nsalu ya patebulo. Lero wasanduka mngelo? Ukufuna dokotala kapena ukufuna mkaidi? Sankha, undiuze pompano!"

Zinali zoona. Anali pomwepo.

Pakhomo pa galaja panamveka kutsokomola. Anali Alamu, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, pepani. Ife tinapangana za munthu wamoyo. Tsopano pali magazi. Magazi a munthu ndi olemera, ine ndekha sindingathe."

"Mwamuna sabweza mawu. Mawa tikupita kupolisi, asanabwere okha ndi timagalasi tawo. Ngati wasintha maganizo, uyambe kulongedza lero lomwe, iwe ndi mkazi wako wa pakamwa uja."

Alamu anapinda chipewa chija m'manja.

"Ndamva, achimwene."

Kutacha Alamu anatuluka atavala jekete lawo limodzi lokhalo, Telala atalisita mpaka makwinya onse kutha. Maso awo anali ofiira. Telala anakhala pa makina ake osapalasa, manja ali pachifuwa.

"Komaliza," anatero a Injiniya akuwapatsa kiyi. "Wapolisi uja ngochenjera, akhoza kukuuza kuti tayendetsa tione. Lero ukwera wekha. Kuchoka pageti kufika pagalaja, mwaulemu, osanjenjemera."

A Injiniya anaima pambali pa kamsewu akulozera ndi dzanja. Mayi anali pazenera lawo lija. Injini inalira, galimoto inanyamuka bwinobwino, inadutsa mtengo wa mapeyala. Nthawi yomweyo kamtsikana ka Alamu, kachitsiriza, kanatulukira kuseri kwa nyumba kakuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Ababa, mwaiwala chipewa!"

"Buleki!" anakuwa a Injiniya. "Buleki, iwe!"

Alamu anapotoza chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse, koma phazi linaponda moto. Galimoto inabangula, inalambalala mwanayo pang'onong'ono, n'kukadziwomba pa ngodya ya galaja. Phokoso lake linagwedeza mazenera. Njerwa zinagwa, nthunzi inatuluka m'boneti ili fuu.

Mayi sanadziwe mmene anafikira panja. Telala anali atanyamula kale mwana wake, akumufunyulula manja ndi miyendo. Mwanayo analibe bala, amangolira. Alamu anali atagwera pa chiwongolero, magazi akuyenderera kuchokera pachipumi mpaka pa jekete.

A Injiniya anathamanga. Anadutsa chitseko cha mbali imene kunali mng'ono wawo, osayang'anako, n'kukaima kutsogolo kwa galimoto manja ali kumutu.

"Mayo ine! Zaka zanga zonse! Injini yanga! Wandiphera, chitsiru iwe, wandiphera!"

Anabwerera, natsegula chitseko, nagwira Alamu pa kolala n'kuwamenya khofi. Anakwezanso dzanja.

"Asiyeni!"

Anali Dokotala. Anali atatuluka wopanda nsapato, akuphethira ndi kuwala kwa dzuwa limene sanalione kwa masabata. Anakankhira bambo ake kumbali ngati sakuwadziwa.

"Musawagwedeze khosi. Mayi, madzi oyera ndi nsalu, fulumirani. Mayi aang'ono, ndipatseni lumo lanu."

Anagwada pamiyala. Anadula nsalu, anapsinja pabala, anawatsegula zikope n'kuyang'ana m'maso. Mayi anaima ndi beseni, akuyang'ana manja a mwana wawo. Sanali kunjenjemera ngakhale pang'ono.

"Bambo aang'ono, mukundimva? Finyani chala changa. Eya. Gwedezani zala zakumapazi. Bwino. Apa pafunika kusoka, koma fupa lili bwino."

Alamu anatsegula maso. Anayamba afunafuna mwana wawo, ndipo atamuona m'manja mwa mayi ake anapuma. Kenaka anakoka malaya a Dokotala n'kunong'ona, koma Mayi anamva.

"Dokotala, tandikumbutsa. Khona lija ndinalowa ndi giya yanji? Mutu wasokonekera, zonse zandithawa. Akakandifunsa ndikachititsa manyazi achimwene."

Dokotala anapitiriza kupsinja pabala. Misozi inatsika n'kugwera pa jekete lija, pamodzi ndi magazi.

"Simukafunsidwa kanthu, bambo aang'ono."

Anamaliza kumanga, natenga dzanja la Telala n'kuliika pansalupo. "Muzipsinja chonchi. Itanani takisi, apite kuchipatala akawasoke." Anasamba m'manja m'beseni lija, nalowa m'nyumba. Potuluka anali atavala nsapato.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Injiniya.

"Mukudziwa, bambo."

"Wapenga? Zonse zakonzedwa kale! Bala limeneli litithandizanso, akaona okha kuti munthuyu sadziwa kuyendetsa bwino. Bwerera m'nyumba!"

"Uja ndinamusiya pamsewu. Uyunso ndimusiye?"

"Ndakuvutikira moyo wanga wonse! Miyezi yochepa yokha yatsala! Mayi ake, ukungoyang'ana? Mgwire mwana wakoyo!"

Onse anatembenukira kwa Mayi: amuna awo, mwana wawo, Telala, ngakhale Alamu ndi diso limodzi losamangidwa. Mayi anayang'ana mwana wawo. Anadziwa kuti akangonena liwu limodzi, mwanayo abwerera, monga anachitira tsiku lija. Anaika beseni pansi, namasula epuloni.

"Dikira, mwanangu. Ndivale nsapato."

"Mukatuluka pageti limenelo, musadzabwerenso!" anakuwa a Injiniya, mawu akusweka. "Mwamva? Nonse awiri!"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambo ake. Kamtsikana aka kakanafa inu mukulirira chitsulo. Kiyi wa geti ali kuti?"

A Injiniya anatembenukira ku galimoto yawo. Wotsegula geti anali Telala, amene ankadziwa pamene kiyi amabisidwa. Mayi podutsa, Telala anawakhudza pamkono.

Anayenda wapansi. Njira ya kupolisi inkadutsa kumlatho, ndipo panalibe yolambalala. Atafika pakhona paja Dokotala anaima, nayang'ana m'mbali mwa msewu mmene udzu unali utagona. Ana amene ankasewera pamlatho anasiya masewera awo n'kumawayang'ana. Mayi anaima pambali pake. Kamtima kena kanawanong'oneza kuti nthawi ikadalipo, palibe amene akudziwa kumene akupita, akhoza kukwera basi n'kupita kutali kwa achibale.

"Mayi, mukuganiza kuti adzandilolanso kumaliza sukulu?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Sindikunamizanso."

"Nanga mkazi wa Wamkaka uja?"

"Ndikamuuza ndekha, lero lomwe, asanamve kwa anthu. Akandilavulira, andilavulire."

Dokotala anagwedeza mutu. Anayamba kuyenda ndi iyeyo, Mayi n'kumutsatira.

Kupolisi anapeza anthu pa benchi, wina atabedwa mbuzi, wina atataya chiphaso. Anadikira nthawi yawo. Wapolisi wachikulire uja anatulukira m'kachipinda kam'kati, nawaona, naima. Sanadabwe. Anawakodola kuti afike patebulo, nakoka mpando, natenga cholembera.

"Mwabwera za galimoto yofiira ija?"

"Inde, bwana," anatero Dokotala.

"Amayendetsa ndani?"

"Ine."

"Panalibe wina?"

"Panalibe. Ndinali ndekha. Ndinamuona atagwa, ndipo sindinaime."

Wapolisiyo analemba pang'onopang'ono. Atamaliza anakweza maso n'kuyang'ana mzimayi amene anaima kumbuyo kwa mnyamatayo, atagwira mpando ndi manja onse awiri.

"Nanga inu, mayi, mwabwera ngati mboni?"

"Ayi, bwana," anatero Mayi. "Ine ndine mayi ake."